Sedula ya Amina

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito yolemba anthu m'kaundula wa boma, ndi liti pamene ndinavutika kwambiri. Nthawi zonse ndimakuyankhani mwanthabwala. Tsopano popeza ndapuma ntchito, ndipo maso ayamba kuchita nkhungu, ndati ndilembe yankho lenileni ndikadatha kugwira cholembera.

Cuamba, nthawi ya nkhondo

Ndinayamba ntchito ku Cuamba ndili mtsikana, monga wotayipa. Ofesi yathu inali yolemba ana obadwa, maukwati ndi anthu omwalira. Kholo likabwera ndi mwana, tinkamulemba m'buku lalikulu, kenako n'kupereka kabuku kakang'ono kotchedwa sedula. M'kabukumo munkakhala dzina la mwana, la bambo, la mayi, ndi malo amene anabadwira. Wopanda sedula ankavutika pofika nthawi ya mayeso a boma, ndipo akakula sankapeza bilyeti, chitupa chosonyeza kuti ndi nzika. Masiku amenewo obwera anali ochepa. Midzi yambiri inali yopanda anthu, ena atathawira m'tauni, ena atawoloka malire kupita ku Malawi. Riboni ya makina ikauma tinkaidontheza mafuta a nyale kuti ilembenso, ndipo mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa mafomu akale a atsamunda.

Mkulu wanga anali a Vasco, koma tonse tinkangoti a Shefi. Anali munthu wamtali, woonda, wosaseka wamba. Loweruka lililonse ankatsuka chidindo cha ofesi ndi mswachi. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, ankakubwezera tsamba lonse osanena kanthu. Chaka choyamba ndinkawaopa kwambiri. Koma masiku opanda anthu ankatulutsa mabuku awo a malamulo m'kabati n'kumandiphunzitsa, ndipo m'menemo ndi mmene ndinawadziwira. Tsiku lina anandiuza kuti, "Filomena, ine ndinabadwira pompano pa Cuamba, bambo anga pompano, agogo anga pompano. Koma ndinamera ndevu lamulo la Apwitikizi lisananditche nzika. Anthu ngati ine tinali ndi dzina lathu lathu, ndi kabuku kathu koyendera. Ndiye usamaganize kuti kubadwira pamalo n'kokwanira. Zimatengera zimene anthu analemba, ndipo zolemba za anthu zimasintha." Ndinangogwedeza mutu, osadziwa kuti mawuwa ndidzawafuna.

Mandimba, 1993

Mtendere utabwera, anatitumiza ine ndi a Shefi kukatsegulanso ofesi ku Mandimba. Inu awiri ndinakusiyani ku Cuamba m'manja mwa agogo anu, chifukwa sindinkadziwa kuti ndikagona pati. Nyumba ya ofesi tinaipeza yopanda zitseko, denga lili theka, mabuku akale ena atapsa, ena atadyedwa ndi chiswe. Tebulo tinabwereka kutchalitchi, mpando umodzi kwa sheikhi wa pamzikiti. Komabe sindikumbuka nthawi ina imene ndinkadzuka ndi mtima wopepuka ngati miyezi imeneyo. Malole ankabwera kuchokera kumalire atadzaza anthu. Anthuwo ankatsika atasenza zitseko, mitolo ya malata, makina osokera, nkhuku zili m'madengu. Ena ankagwada n'kugwira dothi. Ena ankangoima, kuyang'ana uku ndi uku, kufuna mtengo woti awadziwitse njira ya kwawo. Ana awo ankawerenga manambala m'Chingerezi, Chipwitikizi osachidziwa ngakhale moni.

Vuto linayamba pa funso limodzi. Ndikafunsa mayi kuti, "Mwanayu anabadwira kuti?" ankayang'ana pansi n'kunena kuti, "Konkuno, Dona, kumudzi kwathu." Ndikawerenga zaka za mwanayo, ndinkapeza kuti chaka chimenecho m'mudzi wotchulidwawo munalibe ngakhale galu. Panali patafala mphekesera yoti mwana wobadwira ku Malawi ndi Mmalawi, sadzaloledwa kusukulu kuno, sadzapatsidwa munda, mwinanso adzabwezedwa. Nditawauza a Shefi, anatseka buku, n'kutuluka kukaima pakhonde pamaso pa mzere wonse. Iwo ankalankhula Chipwitikizi, ine n'kumamasulira m'Chinyanja ndi m'Chiyao.

Anati, "Maiko sagwirizana pa nkhani imeneyi. Ena amawerenga dothi. Ukabadwira pa dothi lawo ndiwe wawo, ngakhale makolo ako anali odutsa. Ku Brazil ndi ku Amereka amatero. Ena amawerenga magazi, amafunsa kuti wakubala ndani. A Malawi atangolandira ufulu ankawerenga dothi, koma pasanapite nthawi anasintha, tsopano amafuna kuti bambo kapena mayi akhale Mmalawi. Choncho ana anuwa a Malawi sawawerenga ngati awo, ndipo palibe amene adzabwere kudzawatenga. Ife kuno timawerenga zonse ziwiri. Mwana akabadwira kunja, kholo lake la kuno lingonena pamaso pathu kuti likufuna mwanayo akhale wa Mozambique, basi. Kale lamulo lathu linkayang'ana bambo yekha. Linakonzedwa. Lero mayi nayenso akukwanira."

Mayi wina amene anali atabereka mwana kumbuyo anakweza dzanja. "Ngakhale bambo ake anatsala kumanda a kutsidyako?"

"Inu muli moyo, mayi, ndipo muli pano," anatero a Shefi.

Ndinaona mapewa a anthu akutsika mzere wonse. Tsiku lomwelo amayi anayi amene ana awo ndinali nditawalemba kale anabwerera mwamanyazi kudzapempha kuti ndikonze. A Shefi, amene sankakhululuka chilembo chimodzi, anakonza onse osakalipa. Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Ndinayamba kuganiza kuti lamulo lathu lilibe mpata woti mwana n'kugweramo.

Ngauma, 1994

Chaka chotsatira a Shefi anandituma ndekha kukalemba ana m'midzi ya ku Ngauma, kumene anthu sakanatha kuyenda mpaka ku Mandimba. Ndinapita pa njinga, buku nditalikulunga m'pulasitiki n'kulimanga kumbuyo. Ndinkayenda pakati penipeni pa njira, m'mapazi mwa anthu ena, chifukwa m'mbali munali musanachotsedwe mabomba okwirira. Pamudzi uliwonse ankandiikira tebulo pabwalo la sukulu, sukuluyo ili mitengo ndi udzu.

Pamudzi wachitatu panabwera bambo wina wa kofia yoyera, dzina lake Che Saidi. Ankagula nsomba zouma ku nyanja ya Amaramba n'kumazigulitsa pa njinga m'midzi. Anabwera ndi mkazi wake, Abiti Mussa, ndi ana awiri a msinkhu umodzi, ngati a zaka zisanu ndi ziwiri, mnyamata Yusufu ndi mtsikana Amina. Yusufu ndinamulemba mosavuta: wobadwira ku Malawi, makolo onse a kuno. Nditatsegula mzere wa Amina, ndinafunsa mongozolowera kuti, "Awa ndi mapasa?"

Abiti anayankha msanga kuti, "Eya, mapasa."

Che Saidi anavula kofia n'kuipinda m'manja. "Dona, ine ndimaswali kasanu pa tsiku. Sindingayambe lero kunama pa buku la boma. Mwanayu sitinabereke ife."

Anawauza ana kuti akasewere, n'kundifotokozera. Atathawira ku Malawi, m'msasa wawo munabwera mtsikana wapakati, ali yekha, mapazi atatupa. Anamulandira. Anabereka patangopita milungu ingapo Abiti atabereka Yusufu, ndipo anamwalira mwana asanathe sabata. Abiti anayamwitsa ana onse awiri. Za mtsikanayo ankadziwa zochepa. Dzina lake linali Rosa, ankalankhula Chimakhuwa, ankavala korona m'khosi, ankati kwawo ndi ku Etatara ndipo mlongo wake ndi kalipentala. Pa mkono wamanzere anali ndi chipsera cha moto. Dzina la bambo ake kapena la mwamuna wake sanalimve.

Ndinaona pomwepo pamene mwanayu waima. A Malawi sakanamutenga, poti sanali magazi awo. Ife tikanamutenga akanabadwira mbali ya kuno, ngakhale makolo ake atakhala osadziwika. Tikanamutenganso pakanakhala umboni woti mayi ake anali wa kuno. Koma anabadwira kutsidya, ndipo za mayi ake panali dzina limodzi lokha ndi mawu a anthu amene anakhala naye mwezi umodzi. Ndinawafotokozera zimenezi pang'onopang'ono. Abiti anasendera pafupi n'kugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Dona, lembani mapasa. Bere linali limodzi, nsalu yoberekera imodzi. Pano palibe amene angatsutse. Mwanayo sadziwa mayi wina."

Cholembera chinali m'manja mwanga. Ankanena zoona kuti palibe akanatsutsa. Mawu awiri okha, mwana akanapita kwawo ndi sedula yake, ine n'kupitiriza ulendo. Koma ndinaganiza za tsiku limene wina wa mumsasa uja adzakangane ndi banjali n'kuulula, Amina ali kale wamkulu, mapepala ake onse n'kugwa tsiku limodzi. Ndinaganizanso za Rosa, amene anayenda ulendo wonse uja ndi mimba, kuti ine ndi dzanja langa ndimufafanize. Mwina panalinso mantha wamba a munthu wa ntchito ya boma, sindikana. Ndinatseka buku.

"Ndipatseni miyezi itatu, ndikafufuze ku Etatara," ndinatero. "Koma ndikuuzeni zoona. Abale ake akapezeka, akhoza kufuna kumutenga, ndipo ine sindidzatha kuwaletsa."

Abiti anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu muli ndi ana, Dona?"

"Ndili nawo awiri."

"Ndiye Mulungu akuoneni."

Ananyamuka n'kupita osatsanzika. Che Saidi anavala kofia yake, n'kunena motsitsa kuti, "Pitani mukafufuze. Ngati ali ndi anthu ake, si bwino kuti ife tiwabise."

Nditabwerera ku Mandimba ndinafotokozera a Shefi, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ine ndikanalemba mapasa," anatero. Munthu amene anandiphunzitsa kuti buku silinama ndi amene ankandiuza zimenezi. Anapitiriza kuti, "Ndaona anthu ambiri akukhala opanda dziko chifukwa cha mzere umodzi. Koma popeza wayamba, maliza." Anandilembera kalata yondilola kupita.

Cuamba ndi Etatara, chaka chomwecho

Mukukumbuka nthawi ija ndinabwera kunyumba mosayembekezeka, n'kumakhala osadya, agogo anu n'kumaganiza kuti ndili ndi malungo? Inali nthawi imeneyi. Ku Etatara ndinapitako kawiri, pa lole yonyamula chimanga. Ndinafunsa kwa akuluakulu a midzi, ndinapempha akatekisiti kuti alengeze m'matchalitchi Lamlungu. A Rosa osowa anapezeka atatu. Mmodzi anali wokalamba, wina anali atabwerera kale ali moyo, wachitatu analibe mlongo. Milungu inapita. Ndinayamba kuwerenga masiku, ndikudzifunsa kuti ndikabwerera chimanjamanja ndikamuuza chiyani Abiti. Mapasa sindikanathanso kulemba, chifukwa nkhani inali itadziwika.

Kutatsala masiku awiri kuti ndibwerere ku Mandimba, m'mawa ndikuchapa zovala zanu, pachipata panaima bambo wina wamfupi, manja ake okhakhala, njinga ili yofiira ndi fumbi. Anati dzina lake ndi Tomás, kalipentala, ndipo uthenga unamupeza mochedwa chifukwa ankakhoma denga kumudzi wina. Mlongo wake, dzina lake Rosa, anasowa tsiku limene mudzi wawo unaotchedwa. Mwamuna wa Rosa, Ernesto, anaphedwa tsiku lomwelo. Ine sindinatchule za chipsera, ndinangofunsa ngati mlongo wakeyo anali ndi chizindikiro chilichonse pathupi. Anagwira mkono wake wamanzere, pamwamba pa chigongono. "Apa. Anagwera pamoto tili ana. Ndinamukankha ndine."

Nditamuuza zonse, anakhala pansi pa dothi pomwepo. Sanalire mokweza. Patapita nthawi anapukuta nkhope ndi malaya n'kunena kuti, "Mwana wa mlongo wanga ndi mwana wanga. Amayi athu akadali moyo. Ndikukamutenga."

Ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, koma ulendo wonse wobwerera ku Mandimba ndinkalakalaka lole itawonongeka panjira.

Mandimba, mvula isanayambe

Tinapangana tsiku, ndipo onse anabwera ku ofesi. Tomás anabwera ndi katekisiti wa kwawo monga mboni yachiwiri, atanyamula diresi yatsopano m'pepala. Abiti sanandipatse moni. Amina anabisala kumbuyo kwake, atagwira nsalu yake ndi manja onse awiri. Tomás atamuona anapuma mozama, n'kunena kuti chipumi ndi cha Rosa. Anagwada n'kumulankhula m'Chimakhuwa. Mwanayo sanamve kanthu, anangokanirira kwa Abiti. A Shefi anakhala pambali osalowererapo, ine ndikumasulira mbali zonse.

Tomás anatembenukira kwa Che Saidi. "Munamuika bwanji mlongo wanga?"

"Ndinayenda mumsasa kufuna Akhristu anzake kuti adzamupempherere mwa chipembedzo chake," anayankha Che Saidi. "Manda ndinakumba ndine. Korona wake tinamuika naye. Ndinadzalapo mtengo wa nkhadze kuti pasadzasowe. Mukafuna, tidzawoloka limodzi ndikakuonetseni."

Tomás anafunsa Abiti kuti anayamwitsa mwanayo nthawi yaitali bwanji. Abiti anayankha osamuyang'ana kuti zaka ziwiri, ndipo chaka cha njala ankapereka phala lake kwa anawo, iye n'kumwa madzi. Tomás anayang'ana diresi imene inali m'manja mwake, n'kuitembenuza kangapo.

"Ndinabwera kudzamutenga," anatero. "Njira yonse ndimaganiza za bedi limene ndimukhomere. Koma mwanayu anataya kale mayi mmodzi. Sindikhala ine womutayitsa wachiwiri." Anapereka diresi ija kwa Abiti, osati kwa mwana. "Ndikupempha zinthu ziwiri. Sukulu ikatsekera, azibwera ku Etatara agogo ake adzamuone asanamwalire, ndipo mayi awa azibwera naye. Chachiwiri, m'bukumo mulembe dzina la mlongo wanga."

Nditamasulira, Abiti anaphimba nkhope ndi nsalu. Che Saidi anagwira dzanja la Tomás ndi manja awiri, osalisiya. Ine ndinapempha kutuluka pang'ono. Ndinapita kuseri kwa ofesi n'kukhala pa mulu wa njerwa.

Umboni tinalemba tsiku lomwelo. Panapita milungu ina kuti akhoti avomereze Che Saidi monga womulera, woyenera kumunenera mwanayo pamaso pa boma. Pepala la kukhoti litafika, ndinatsegula buku n'kulemba mzere umene ndinaukana ku Ngauma: Amina Rosa, mwana wa Ernesto ndi Rosa, a ku Etatara, wobadwira ku Malawi, nzika ya Mozambique.

Ana anga, musatenge nkhaniyi ngati umboni woti mayi anu anali wanzeru. Mpaka pamene anamwalira, a Shefi ankanenabe kuti iwo akanalemba mapasa, ndipo ine sindinapeze mawu owatsutsa. Tomás akanakhala munthu wa mtima wina, ndikanapasula nyumba ya anthu abwino chifukwa cha mzere wa m'buku. Akanachedwa masiku awiri, ndikanasiya mwana wopanda dziko. Ndinasankha zimene ndinkaona kuti n'zoona, ndipo anandipulumutsa ndi anthu ena, wogulitsa nsomba ndi kalipentala. Amina anakula ndi makomo awiri. Lero ali ndi ana ake, amasala Ramadani ku Ngauma, ndipo munda wa mayi ake ku Etatara amalima ndi iye.

Tsiku lotenga sedula, Che Saidi anali kunyanja, choncho anabwera Abiti yekha ndi mwanayo. Sankadziwa kuwerenga, ndiye anandiuza kuti ndimuwerengere zonse, mzere ndi mzere. Nditafika pa dzina la mayi ndinatsitsa mawu, koma iye anati, "Kwezani, naye amve." Ndinawerenganso. Anatenga kabukuko, n'kukaika pamodzi ndi ka Yusufu m'kathumba ka pulasitiki, n'kumanga m'nsonga ya nsalu yake mfundo ziwiri. Ali pakhomo anatembenuka. Aka kanali koyamba kundilankhula za iye mwini chichokere ku Ngauma.

"Dona, mwationdetsa miyezi itatu."

"Inenso ndaonda, mayi," ndinayankha.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, ngati akuyesa nsomba pamsika.

"Zoonadi," anatero, ndipo anaseka.